Nkhuku Ziwiri za Alamu ndi Dzina Lomwe Anapatsa Chipata

Aliyense wokulira muno m'Chipata amadziwa kuti Lachisanu masana sugula kanthu ku mashopu a kumunsi. Dzuwa likafika paliwombo zitseko zimatsekedwa, eni mashopu ndi ena mwa antchito awo amapita ku mzikiti, ndipo iwe wogula umasaka mthunzi n'kudikira. Ena amagula chimanga chootcha. Ena amapukutitsa nsapato. Anyamata onyamula anthu panjinga amagona pa njinga zawozo ngati pabedi. Pakapita kanthawi zitseko zimatsegukanso, moyo n'kupitirira.

Alamu anga a Gilbert anakulira muno, koma anaiwala.

Iwo ndi achimwene ake a malemu mkazi wanga, Mervis. Amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wina ku Mangalande, ndipo abwera kudzavundukula nafe mwala wa pamanda a mlongo wawo. Mwambowo uli mawa, Loweruka. Lachisanu lapitalo tinatsika awiri kukagula nsalu yoyera yophimbira mwalawo, ndipo tinafika nthawi yolakwika.

"Atseka onse? Kwagwa maliro?" anafunsa alamu.

"Ndi Lachisanu, alamu."

"Ndiye?"

"Ndiye tidikira. Chimanga mudya?"

Chimanga sanachifune. Anatulutsa foni n'kujambula zitseko zotsekedwazo, kenako n'kujambula abambo ovala mikanjo yoyera ndi tizisoti akuyenda mwachifatse kulowera ku mzikiti. Ine ndinaganiza kuti ndi zithunzi zokaonetsa anzawo kunja, poti munthu wochokera kutali amajambula chilichonse, ngakhale mbuzi. Ndinali kalikiliki kukangana ndi mayi wootcha chimanga pa nkhani ya chisononkho chomwe chinali ndi mipata ngati mano a nkhalamba.

Sindinadziwe kuti nthawi yomweyo alamu anali kuupatsa mzinda wathu dzina latsopano.

Kuti mumvetse, owerenga anga, ndiyambe ndakuuzani zomwe iwo anakhala akutisimbira chibwerereni. Akuti kumaiko a azungu kuli chizolowezi china. Mzinda ukakhala ndi Asilamu ambiri, ndipo anthu ena akamaukayikira kuti akuluakulu ake amalekerera zigawenga zomenya nkhondo m'dzina la chipembedzo, amautenga mzindawo n'kuumangirira mchira wakuti "stan" kumapeto kwa dzina lake, ngati maina a maiko ena a ku Asia. London anammangirira mchira umenewu. Mizinda ina ing'onoing'ono nayonso. Ngakhale mzinda womwe alamu amakhala, akuti pamowa anthu sautchulanso dzina lake lenileni. Tanthauzo lake n'lakuti: mzinda uwu suli wathunso, walandidwa, ndipo mukabisala zoopsa.

Alamu ankasimba zimenezi akuseka, ngati munthu woonetsa jekete latsopano. Ndipo mukudziwa mwambi uja, kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwo sunena kuti kalumoko kameta ndani.

Chithunzi chija anachiponya m'gulu lathu la pafoni, pansi pake n'kulemba kuti: "Takulandirani ku Chipatastan," ndi tinkhope titatu toseka mpaka misozi.

Tsono gulu limeneli lili ndi mbiri yake. Linatsegulidwa tsiku lomwe Mervis anatisiya, kuti anthu azidziwitsana za mwambo wa maliro: ndani abweretsa nkhuni, ndani akatenga mipando kutchalitchi, basi yochokera ku Lusaka yafika pati. Inu nonse muli m'gulu lotere, musakane. Maliro amatha, koma gulu silitha. Limasanduka bwalo la mavesi a m'mawa, la kufunirana zabwino pa tsiku lobadwa, la msuweni wogulitsa anapiye ndi azakhali ogulitsa mtedza wa ku Chiparamba. Palibe amene amalimba mtima kulitseka. Ine ndiye mwini gulu lathu, ndipo chithunzi cha Mervis chomwe chili pagululi sindinachisinthe.

Alamu ankaganiza kuti ndi gulu la banja. Sanayang'ane kuti mulimo ndani. M'gulu la maliro mumalowa aliyense amene anagwira ntchito pamaliropo, ndipo palibe amene anagwira ntchito kuposa Asiyatu.

Asiyatu ndi mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina muno m'tauni, Msilamu, mnzake wa Mervis kuyambira ali atsikana kusukulu yogonera komweko. Kumeneko ndi komwe anaphunzirira kulukana tsitsi, wina atakhala pansi, wina pa chitini, mpaka manja awo anafanana kalukidwe. Chimwalirireni Mervis, Loweruka lililonse m'mawa Asiyatu amabwera kwathu kudzaluka mwana wanga Thoko, yemwe ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinamupemphe. Anangofika tsiku lina ndi chipeso ndi botolo la mafuta, n'kunena kuti, "Atate ake Thoko, chokanipo, mukutchinga kuwala."

Thoko salola munthu wina kumugwira kumutu. Ndinayesapo ku saluni. Tinatuluka titaluka theka la mutu, mwana akulira, woluka akulira, ine ndikupepesa onse awiri.

Nditatulutsa foni m'thumba madzulo a Lachisanu lija, ndinapeza anthu aseka kale pansi pa chithunzi. Msuweni wa anapiye anaseka. Mkulu wina wa mpingo anaseka. Wina anawonjezera kuti, "Zoona, atilanda tauni." Ndipo pansi pa zonsezo panali kamzere kaja kamene foni imalemba yokha mosasamala za munthu: Asiyatu watuluka m'gulu.

Loweruka m'mawa Thoko anatenga kampando kake n'kukakhala pakhonde, chipeso m'manja. Anadikira mpaka dzuwa linamuchotsapo.

Lamulungu ndinayesa ndekha. Owerenga anga, ine ndinapita ku koleji, ndili ndi pepala lotsimikiza kuti ndimatha kuganiza. Koma tsitsi la mwana wamkazi silidziwa za mapepala. Ndinagawa mzere woyamba, unakhota ngati msewu wa kumapiri. Wachiwiri unakalowa mwa woyamba. Pomaliza ndinamanga timfundo tinayi, kamodzi kakuloza ku Malawi, kena ku Lundazi. Thoko anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Adadi, kutchalitchi ndivala chipewa."

"Kukutentha, mwanawe."

"Ndivala chipewa."

Tili m'njira anandifunsa funso lomwe ndinkaliopa. "Tsiku la mwala wa amami, anti Asiya adzandiluka?" Ndinamuuza kuti tiona. Ana amadziwa kuti "tiona" wa munthu wamkulu ndi chiyani.

Tsono lekani ndiime pang'ono, tikambirane za maina.

Ife anthu a kuno timakonda maina onyoza, ndipo sindikufuna kunamizira kuti ndine woyera. Mphunzitsi aliyense amene anatiphunzitsa anali ndi dzina lachiwiri lomwe iye sankalidziwa. Makomboni athu, mabawa athu, maminibasi athu, zonse zili ndi maina opatsidwa ndi anthu a pakamwa pakuthwa. Ndipo tili ndi chimbuya, chipongwe chololedwa chija cha pakati pa ife a kum'mawa ndi Abemba. Iwo amatitcha odya mbewa, ife timawatcha odya anyani, ndipo palibe amene anapitapo kupolisi.

Alamu atamva kuti Asiyatu watuluka m'gulu, anathawira ku chimbuya chimenechi. "Ndi chimbuya chabe! Kodi anthu ano mwaleka kuseka?"

Ayi, alamu. Chimbuya ndimachidziwa bwino. Pamaliro a Mervis, anzanga a kuntchito Achibemba anabwera n'kundithira ufa kumutu, akunena kuti ife a kum'mawa timalira mokweza chifukwa mbewa zatha kumunda. Ndinaseka, koyamba sabata imeneyo. Koma taonani zomwe zili m'chimbuya. Wokunyozayo amaima pamaso pako. Iwe uli ndi ufulu womubwezera, ndipo amayembekeza kuti ubweza. Akatha kukunyoza amavula jekete n'kukatenga fosholo yokumbira manda. Ndiponso chimene amakunenera n'chopanda ngozi: palibe amene anakanizidwapo nyumba ya lendi kapena kusechedwa pachipata cha m'malire cha Mwami chifukwa chodya mbewa.

Dzina la mchira wa "stan" lili ndi chiyani mwa zimenezi? Limanenedwa kumbali. Wonenedwayo alibe chobwezera. Ndipo chimene likunena si chakudya chake, koma kuti iye ndi anthu ake ndi chisa cha opha anthu. Kodi munthu angabweze bwanji nthabwala yotere? Aseke kuti, "Ee, zoona, ndife zigawenga"?

Musandimve molakwa. Zigawenga zobisala m'chipembedzo zilipo, si nthano. Kumpoto kwa Mozambique, dziko loyandikana nafe, midzi yatenthedwa ndipo anthu athawa kwawo. M'mizinda ya kunja yomwe ikupatsidwa mainayi munaphulikapo mabomba, anthu anaika abale awo m'manda. Amene anataya mwana wake ali ndi ufulu wofunsa ngati aboma anagona, ngati mlaliki wina wa chidani analekereredwa nthawi yaitali. Funso limenelo n'loyenera, ndipo liyenera kufunsidwa mokweza, kwa anthu oyenera kuliyankha.

Koma dzina lonyoza si funso. Ndi chigamulo choperekedwa mlandu usanazengedwe, ndipo chimagwera mzinda wonse: wogulitsa malata, dalaivala wa basi, namwino, mwana wa sukulu. Wolakwa weniweni dzina lotere silimukhudza n'komwe. Mwina amakondwera nalo, chifukwa limamubisa m'khamu la anthu osalakwa, ndiponso limauza achinyamata a kumeneko zomwe iye amawauza kale, kuti anansi awo sawafuna.

Wina anena kuti nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Mwambi umenewu ndimaukayikira. Pitani kumsika mukaone mayi wogulitsa nsomba. Akapeza imodzi yoola sataya dengu lonse. Amaichotsa msangamsanga n'kuiponya kutali, zinazo n'kugulitsa. Amene amataya dengu lonse ndi amene sanaligule ndi thukuta lake.

Ndipo ife a Chipata tikanayenera kudziwa bwino za maina opatsidwa ndi ena. Tauni ino inkatchedwa ndi dzina la linga la atsamunda. Tinalichotsa chifukwa sitinalisankhe ndife.

Tibwerere kwa alamu.

Nkhaniyi inafika kwa apongozi anga, mayi ake a Gilbert ndi Mervis. Iwo ndi mphunzitsi wopuma, wa sukulu za mishoni, ndipo mpaka lero akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kukumbukira machimo ako. Mfundo zonse ndalemba pamwambazi iwo sanazifune. Anaitana mwana wawo pakhonde ine ndilipo.

"Gilbert, pamaliro a mlongo wako iwe unafika liti?"

"Ndege inachedwa, amama, mukudziwa."

"Unafika titaika. Amene anagona pansi pambali panga masiku onse aja ndi Asiyatu. Tsono iwe kumeneko ku Mangalande, azungu akakhala pamowa, amakutcha chiyani?"

Alamu anayang'ana nsapato zawo.

"Sindikufuna kumva," anatero apongozi. "Upite ukapepese. Ndipo munthu sapepesa chimanjamanja. Utenge nkhuku."

Apa ndi pomwe nkhani inakoma.

Tinapangana kuti tikumane pageti la kwa Asiyatu Lachiwiri madzulo, ine ndikuchokera kuntchito. Ndinawapeza alamu ataima pamenepo, atavala shati yosita, atanyamula chikwama cha pulasitiki. Ndinayang'ana uku ndi uku.

"Nkhuku ili kuti, alamu?"

Anakweza chikwamacho monyadira. "Umu. Ndagula tambala wamkulu kumsika, ndamupha ndekha, ndamusosola, ndamutumbula, ndamutsuka. Mayiyu ndi wapantchito, ndamuchepetsera ntchito. Angoika mumphika."

Ndinatsegula pakamwa, koma geti linatseguka msanga kuposa ine. Anali a Saidi, amuna ake a Asiyatu, munthu wofatsa amene amalankhula ngati mawu amagula. Anatilandira, anatipatsa mipando pakhonde, tinalonjerana mpaka kufunsana za mvula. Kenako alamu anagwada ndi bondo limodzi, n'kupereka chikwama ndi manja awiri, mawu opepesa ali okonzakonza ngati anawaloweza m'njira.

A Saidi anasuzumira m'chikwama. Anasuzumiranso.

"Zikomo kwambiri, achimwene. Nkhuku yonona. Anazinga ndani?"

"Ndekha!" anatero alamu, chifuwa patsogolo.

Tsono mwana aliyense wa m'Chipata amadziwa kuti Msilamu sadya nyama yomwe sinazingidwe mwa mwambo wake, ndi Msilamu mnzake, potchula dzina la Mulungu. N'chifukwa chake pa ukwati kapena pamaliro, ngakhale a Akhristu okhaokha, mbuzi timaitanira mnansi wathu Msilamu kuti aizinge, kuti aliyense wobwera adye mosakayika. Amayi athu amachita zimenezi osaganizira n'komwe, ngati kuthira mchere. Alamu anadyapo mbuzi zotere zosawerengeka. Sanafunsepo kuti mpeni unali m'manja mwa ndani.

M'nyumba munamveka phokoso ngati munthu watsamwa. Kenako linasanduka kuseka. Asiyatu anatulukira pakhomo atagwira pamimba, mpango utapendekeka, misozi ili mbwembwembwe.

"Achimwene a Mervis! Mwabwera kudzapepesa kapena kudzatiyesa?"

"Ine ndimati ndikuchepetsereni ntchito..."

"Mwachepetsadi. Palibe chophika lero!"

Ngakhale a Saidi mapewa awo ankagwedezeka. Alamu anakhalabe chogwada, chikwama chabwerera m'manja mwawo, osadziwa ngati adzuke kapena alowe pansi. Ine ndinayang'ana kudenga n'kuyamba kuwerenga malata.

Kuseka kutatha, Asiyatu anakhala pampando n'kukonza mpango wake. Nkhope inasintha.

"Dzukani, achimwene, mudetsa thalauza. Ine sindinakwiye ndi inu kwenikweni. Inu ndinu mlendo, mwabwera ndi zomwe mwatola. Chinandipweteka ndi omwe anaseka pansi paja. Ena mwa iwo ndinawagawira mpunga ndi dzanja ili."

"Inali nthabwala, mlongo wanga."

"Dzulo ndikulowa m'kalasi, mnyamata wina kumbuyo anati, 'Madamu a ku Chipatastan afika.' Kalasi yonse gwedegwede. Chithunzi chanu chinatuluka m'gulu kalekale, chikuyenda tauni yonse. M'kalasi imeneyo muli atsikana awiri ovala mipango ngati ine. Iwo sanaseke. Anangoyang'ana m'makope."

Alamu ndi munthu wosagonja msanga. "Koma zigawengazo ziliko ndithu. Inu simunaone zomwe ife taona kunja."

"Ziliko. Ndani wakana? Ku Mozambique amene akuthawa m'midzi ndi ndani? Ambiri ndi Asilamu, anthu oswali ngati ine. Ife timaziopa kuposa inu, chifukwa zimayamba ndi ana athu. Mukamudziwa mmodzi muno m'Chipata, mutchuleni dzina lake, ine ndivala nsapato ndikuperekezeni kupolisi. Koma inu munajambula a Saidi akupita kukapemphera."

Alamu anatulutsa foni n'kukulitsa chithunzi ndi zala. Wachitatu kuchokera kumanzere, atanyamula ambulera, analidi a Saidi.

"Munandijambula bwino," anatero a Saidi. "Koma mimba munaikulitsa."

Ine ndinali ndi funso langa lomwe linandibweretsa, koma ndinaona kuti si nthawi yake. Asiyatu analiona pankhope panga.

"Atate ake Thoko, Loweruka ndinavala, ndinatenga chipeso, ndinafika mpaka pamsewu. Kenako ndinaganiza kuti ndikapeza achimwenewa pakhonde panu, ndikalankhula mawu oti mwana asamve. Ndinabwerera. Mutu wake uli bwanji?"

"Ndinayesako ndekha."

"Mulungu atichitire chifundo."

Sanalonjeze chilichonse. Anangotembenukira kwa alamu. "Nkhuku yopepesera imabwera ikuyenda ndi miyendo yake. Ndipo zomwe munalemba pagulu mukazifafanize pagulu pomwepo, ndi mawu anu, osati a mlamu wanu wolemba m'nyuzipepalayu."

Tambala woyambayo tinadya kwa apongozi. Anali wokoma, ndisaname. Apongozi anamupatsa Gilbert khosi.

M'mawa mwake alamu analemba m'gulu. Sanalembe zambiri. Anati dzina lija analitola kunja, kuti ndi dzina loipa, kuti analakwira Asiyatu ndi a Saidi ndi anansi athu onse, ndipo aliyense amene anatumiza chithunzicho kwina atumizenso mawu awa. Omwe anaseka aja anakhala chete ngati foni zawo zagwera m'madzi. Patapita nthawi msuweni uja analemba kuti anapiye afika, a tsiku limodzi.

Kodi si momwe timachitira? Kuseka timaseka pagulu, manyazi aliyense amakachitira kwake.

Nkhuku yachiwiri inapita yamoyo, panjinga. Ine sindinaliko, koma wonyamula alamu panjingayo wasimbira tauni yonse, moti ndikhoza kulumbira ngati ndinaona. Akuti chingwe cha kumiyendo chinamasuka pafupi ndi msika, nkhuku inadumpha, ndipo bambo wa shati yosita wochokera ku Mangalande anaithamangitsa pakati pa matebulo a tomato, amayi akumuimbira m'manja. Amene anaigwira ndi mkulu wina wa mkanjo woyera, yemwe anaimanganso bwinobwino n'kuwauza kuti, "Mfundo yake ndi iyi, bwana." Alamu akuti anathokoza kawiri.

Sindikunena kuti nkhuku yakonza zonse. Dzina lija likadali kunja, likuyenda. Dzulo ndinalimva m'minibasi, kondakitala akuitanira nalo anthu, osadziwa komwe linachokera kapena chomwe limatanthauza. Mawu opepesa a alamu sanayende mtunda ngati umenewo. Asiyatu m'gulu sanabwerere, ndipo sindinamufunse. Atsikana awiri aja akadali m'kalasi imodzi ndi mnyamata wa kumbuyo uja.

Koma dzulo madzulo, dzuwa lisanalowe, geti lathu linalira. Thoko anathamanga osavala nsapato.

"Atate ake Thoko, chipewa ichi n'cha chiyani kutentha kuno?" Asiyatu anachivula, anayang'ana ntchito ya manja anga, n'kupukusa mutu. "Izi musadzachitenso. Mwana uyu ali ndi abale."

Anakhala pampando, Thoko pansi pakati pa mawondo ake. Alamu anali pomwepo, ndipo anapatsidwa ntchito yogwira botolo la mafuta, kulitsegula akauzidwa ndi kulitseka akauzidwa. Mizere inayamba kutuluka, yowongoka, yoyambira pamphumi n'kukhotera kumanzere pang'ono. Ndi momwe ankalukira mayi ake. Ndinalowa m'nyumba kukaika madzi a tiyi, ndipo ndinachedwako pang'ono.

Nditatuluka, mutu unali utafika pakati. Thoko, maso ali pansi, khosi litapindika, anafunsa ndi mawu a munthu amene wakhala akuganiza nthawi yaitali.

"Anti, Chipatastan ndi kuti? Kusukulu akuti inu mumakhala kumeneko."

Zala za Asiyatu sizinaime. "Funsa amalume ako. Ndiwo akudziwa njira."

Alamu anatseka botolo lomwe linali lotseka kale. "Kulibe malo otero, Thoko. Anti ako amakhala konkuno, kuseri kwa msika. Umakudziwa."

"Nanga dzinalo analipanga ndani?"

"Ine."

"Chifukwa chiyani?"

Alamu anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana makapu. Asiyatu anapendeketsa mutu wa mwanayo ndi chala chimodzi n'kuyamba mzere wina.

Mawa Thoko akaima pamwala wa mayi ake ataluka bwino, ndipo Asiyatu akaima kumbuyo kwake, pakati pa amayi a chigwirizano ovala yunifomu ya mpingo. Funso la mwanayo lokha ndi lomwe silinayankhidwe. Amalume ake akadaganizabe.

Inu amene munalandira chithunzi chija n'kuchitumiza kwa ena, inu amene mwalitchula dzinali sabata ino kuti anzanu aseke: akanakufunsani inu, mukanamuyankha chiyani?